Mafupa a m'munda mwa a Nasibeko

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene ndinachokera pa ntchito kutangotsala zaka ziwiri kuti ndipume mwaulemu. Malemu amayi anu ankakuuzani kuti ndinatopa. Ankangondiphimba. Sindinatope ayi, anachita kundichotsa. Popeza maso ayamba kuchita nkhungu ndipo dzanja layamba kunjenjemera, ndati ndilembe ndekha mmene zinayendera, kuti mukadzamva kwa ena mudzakhale mutamva kale kwa mwini nkhani.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980

Ntchito inandipeza ku Mtakataka, m'golosale ya amalume, ndikuyeza mchere ndi palafini. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, ndi satifiketi ya Fomu 2 imene inkangodyedwa ndi mphemvu. Tsiku lina panja panaima galimoto ya yunivesite yodzaza mafosholo ndi matenti. Munatuluka mzungu wamtali, wofiira khosi, atavala chipewa chachikulu ngati lichero. Anthu a kuno anangomutcha a Chipewa, ndipo nanenso ndiwatchula choncho. Dzina lawo lenileni lili pa mabuku ambiri, silikusowa thandizo langa. Ankafuna munthu wodziwa Chingerezi, wodziwanso kulankhula ndi akuluakulu. Amalume anandiloza ndi chibwano, nati, "Tengani uyu, kuno akungondithera shuga."

Ntchito yawo inali yofufuza za anthu akale. Masiku ena tinkayenda m'midzi ndi tepi rekoda, kufunsa nkhalamba za miyambo, za kusula zitsulo, za kuumba mbiya, ine n'kumamasulira. Masiku ena tinkakumba pamalo pomwe kale panali midzi. Kukumba kwake sikofanana ndi kwa chimbudzi. Tinkakhoma zikhomo zinayi, kukunga chingwe, kenako n'kumapala dothi pang'onopang'ono ndi kampeni ka omanga nyumba, dothi lonselo n'kulisefa. Chilichonse chotuluka, kaya ndi phale la mphika, mkanda, khala kapena fupa la nyama, chinkalowa m'kathumba kake ndi nambala yake. Ntchito ija ndinaikonda, sindibisa. Pasanathe chaka ndinkatha kutola phale, kuyendetsa chala pamlomo pake, n'kunena ngati ndi la dzana kapena la anthu amene anakhala kuno kalekale. A Chipewa ankayamba anditsutsa, kenako n'kukapeza m'mabuku mwawo kuti ndanena zoona. "Alufeyo," ankatero, "maso akowa akanakhala ogulitsa ndikanagula." Koma pa galimoto ndinkakhala kumbuyo pamodzi ndi mafosholo, ndipo pa mapepala a yunivesite anandilemba kuti wantchito wamba.

Pa tchuthi kunkabweranso ophunzira kudzakumba nafe. Mmodzi wa iwo, wamanyazi, wa manja ofewa, anatuluka matuza tsiku loyamba lomwe. Ndine ndinam'manga nsanza m'manja, ndine ndinamuonetsa kuti kampeni amakagwira chogoneka kuti asaswe zinthu. Ankanditcha achimwene. Ameneyu mumusunge, abweranso kutsogoloku ali Pulofesa.

Chilimwe chachitatu, ku Golomoti

A Nasibeko anali mayi wamasiye, woumba mbiya wodziwika dera lonse la Golomoti. Tinapita kwawo kukajambula mawu awo pa za kuumba. Sanali munthu wochulutsa zonena. Ankayankha mafunso manja ali m'dongo, osadzutsa mutu. Tsiku lachiwiri anandifunsa za kwathu, ndipo atamva dzina la amayi anga anaika dongo pansi. "Iwe ndiwe wa Nachisale? Amako ndi ine tinalowa chinamwali chimodzi." Kuyambira pamenepo ndinasiya kukhala mlendo pakhomo pawo. Ndi iwo eni amene anatiuza kuti m'munda mwawo muli kachitunda komwe khasu limatulutsa mapale a maluwa achilendo, osafanana ndi a amayi awo kapena a agogo awo. "Kaoneni," anatero, "mwina mungandiuze amene ankaumba choncho. Anali ndi dzanja labwino."

Tinakumba masiku anayi m'dzuwa la mu Okutobala, lija nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Tsiku lachisanu kampeni kanga kanakhudza chinthu chosalala, chobulungira. Ndinkayesa ndi mphika. Nditapukuta ndi burashi ndinaona mano. Pofika masana tinali titamuonetsa munthu yense. Anali atagona chammbali, mawondo atapinda, m'chiuno muli mizere ya mikanda, kumutu kuli kamphika kosasweka. A Chipewa anati ndi munthu wamkazi, ndipo wagona pamenepo zaka mazana angapo.

A Nasibeko atamva anabwera, nagwada m'mphepete mwa dzenje, nayang'ana nthawi yaitali. Kenako anaomba m'manja pang'onopang'ono, monga achitira munthu wofika pakhomo pa eni, nati, "Mwamuona. Tsopano m'kwirireni."

Ndinamasulira. A Chipewa anapukuta thukuta. "Uwauze kuti mafupawa ayenera kukapimidwa. Uwauzenso kuti si m'bale wawo. Munthuyu anamwalira makolo awo asanafike n'komwe kuno."

Ndinanena monga anandituma. A Nasibeko anandiyang'ana ngati ndawaponda chala. "Ndani wati ndi m'bale wanga? Ndalima pambali pake zaka makumi atatu. Ana anga akula ndi mapira a m'munda muno. Chaka chimene minda yonse inapsa, pa kachitunda apa ndinakololapo. Ameneyu ndi mnansi wanga. Kodi kwawoko mnansi amam'tulutsa m'nyumba chifukwa si m'bale?"

"Uwauze kuti tidzabweza," anatero a Chipewa.

"Liti?" anafunsa a Nasibeko.

A Chipewa anatambasula manja. "Tikamaliza. Iweyo unene mwa njira yoti avomere."

Apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo sindikankhira wina. Mzungu sanatchule nthawi. Ndine amene ndinati, "Amayi, akuti mvula ikubwerayi isanathe adzakhala atabwerako." Ndinkafuna abwana aone kuti ndine munthu wothandiza. Ndinkafunanso, kunena zoona, kumva zimene mafupawo akanatiuza.

A Nasibeko sanam'cheukire mzungu. "Uyu ndi mlendo, ndipo mlendo ndi mame. Koma iwe ndikudziwa khomo lomwe unatulukira. Ukunena iweyo?"

"Ndikunena ine, amayi. Ndidzabwera nawo ndi manja angawa."

Anapita kunyumba n'kubwera ndi chitenje chatsopano chimene anali asanachivalepo. "Musamuike m'katoni ali wamaliseche ngati sopo," anatero. Pokulunga mafupawo, mbali ina ya chitenje ndinagwira ine, mbali ina wophunzira wa matuza uja.

Zaka za m'chipinda cha makatoni

Mvula inabwera, inatha. Inabweranso, inathanso. Panthawiyi anali atandisamutsira ku yunivesite komweko kuti ndizisamala chipinda chosungiramo zokumbakumba zathu. Chaka chachitatu nthawi ya a Chipewa m'dziko muno inatha. Kutatsala sabata kuti anyamuke anabwera m'chipinda muja natsitsa katoni ya ku Golomoti. "Mutu ndi mikanda ndipita nazo kwathu," anatero. "Kuno kulibe makina. Ndidzatumiza." Ndinawakumbutsa za a Nasibeko. Anandisisita paphewa n'kunena kuti ndili ndi mtima wabwino. Chigaza chija ndinachilemba nambala ndine, ndinachikulunga m'thonje ndine. Pochoka anandisiyira nsapato zawo za m'tchire, zazikulu kuposa phazi langa, ndi kalata yonditamanda imene sinanditsegulireko khomo ndi limodzi lomwe.

Patapita zaka zinayi kunabwera buku, lochindikala, pachikuto pali chithunzi cha kamphika kaja. Ndinakhala pa katoni n'kuliwerenga masiku atatu. Mawu a a Nasibeko anali m'menemo, masamba ambirimbiri, ndendende mmene ndinawamasulira ine, koma eni ake ankangotchedwa mayi wina wachikulire. Kachitunda kaja anati anakatulukira a Chipewa poyendayenda. Patsamba lothokoza panali dzina la mkazi wawo, la amene anataipa, ngakhale la kampani imene inawabwereka matenti. Kumapeto kwenikweni anathokozanso anthu a m'deralo amene anathandiza kukumba. Ine ndinali m'mawu amenewo. Za kubweza mafupa munalibe ndi mzere umodzi womwe.

Zaka zotsatira zinali za usiwa. Galimoto ija inafera pansi pa mtengo wa mango, matayala n'kuphwa, nkhuku za alonda n'kumaikira mazira pa mpando wa dalaivala. Mafilimu ojambulira kunalibe, matumba kunalibe. Ndinkatola mapepala a shuga ndi a buledi, kuwatsuka, kuwayanika pa mpanda, n'kumasungiramo mapale. Denga linkadontha malo asanu, ndipo ndinalemba makalata opempha malata mpaka amene ankalandira makalatawo anayamba kundithawa. Chiswe chinalowa, n'kuyamba kudya timapepala ta manambala. Phale lopanda nambala ndi chinyalala chabe, chifukwa palibe angadziwe komwe linachokera. Ndinkakhala pansi masiku athunthu kulembanso manambala kuchokera m'mutu, ndi bolopeni yogula ndekha. Katoni ya mayi uja ndinaiika pa shelefu yapamwamba pomwe sipankadontha, ndipo ndinaisintha kanayi. M'mawa uliwonse ndikatsegula chitseko ndinkati, "Mwadzuka bwanji, amayi?" Anzanga ankanong'onezana kuti mutu wa Alufeyo wayamba kuduka mawaya.

Chowawa kwambiri chinali tchuthi. Kuti ndifike ku Mtakataka ndinkayenera kudutsa pa Golomoti, ndipo a Nasibeko ankagulitsa mbiya zawo pamsika, m'mbali mwa msewu. Zaka zoyambirira ndinkatsika kukawapatsa moni.

"Mnansi wanga ali bwanji?"

"Ali bwino, amayi. Akumaliza kupima."

"Kupima kwake n'kotani, kosatha ngati mlandu wa malire a munda?"

Kenako ndinasiya kutsika. Ndinayamba kukhala mbali ina ya basi, ndipo tikafika pamsikapo ndinkawerama ngati ndikumanga nsapato. Chaka china, Ulemu, iwe uli khanda pamsana pa amayi ako, basi inaima pamenepo nthawi yaitali. Ndinamva kugogoda pa windo. Anali iwo, tsitsi litachita mbuu. Sananditukwane. Anangoti, "Mwana wa Nachisale, usamabisale. Ukabisala ndimaganiza kuti unam'taya." Anapatsira amayi anu kamphika ka ndiwo pa windo pomwepo, basi n'kunyamuka. Amayi anu anaphikiramo zaka zambiri. Ine ndikadziwa kuti ndiwo zachokera m'menemo ndinkati m'mimba simuli bwino.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990

Wophunzira wa matuza uja anapita kunja, nabwerako ndi madigiri, ndipo m'kupita kwa nthawi anakhala Pulofesa ndi mkulu wa dipatimenti yathu. Ndinasangalala ngati wakwezedwa m'bale wanga. Ndinati tsopano pa mpando pakhala mwana wa nthaka ino, munthu amene analipo tsiku lija, amene anamva ndi makutu ake. Ndinalemba kalata yoyamba yopempha kuti tibweze mafupa. Sanayankhe. Ndinalemba yachiwiri. Tikakumana pa khonde ankandikwezera dzanja ali chiyendere. Kenako ndinalimba mtima n'kulowa mu ofesi.

Sanandipatse mpando, ndipo mawu akuti achimwene anali atatsalira kunja kuja. "Alufeyo, zonse zili m'chipinda chija ndi chuma cha dziko. Si zako, si zanga, si za gogo wa ku Golomoti."

"Bwana, koma tinalonjeza."

"Analonjeza ndani? Pali pepala?"

"Munalipo, bwana. Mbali ina ya chitenje munagwira ndinu."

Anatembenukira ku windo. "Ukudziwa kuti akunja amatiganizirako chifukwa cha zinthu ngati zimenezo? Tikangoyamba kubweza, mawa mudzi uliwonse ubwera ndi dengu. Ndiponso munthu wopanda mutu ukam'bweza bwanji? Dikira, ndilembera kunja."

Ndinadikira zaka zoposa khumi. M'zaka zonsezo panalibe dokotala kapena wophunzira amene anatsegulapo katoni ija. Chuma cha dzikocho amene ankachitsegula ndi ine ndekha, pochotsamo mphemvu.

Cha m'ma 2010

Linali Lachisanu m'mawa pamene foni yanga inalira. Anali a Lazalo, mwana wamwamuna wa a Nasibeko. "Amayi agonekedwa ku chipatala ku Mua," anatero. "Asiya kudya. Akuti ndikufunseni ngati manja anu akadalipo."

Ndinakhala m'chipinda muja mpaka masana osagwira kanthu. Kupuma pa ntchito kunali kutatsala zaka ziwiri. Awiri a inu munali ku sekondale. Ndinadziwa kuti ndikapitanso kwa a Pulofesa andiuza kuti ndidikire, ndipo kenako katoniyo aikiyira kwina. Pa nkhomaliro ndinapita kunyumba n'kuwauza amayi anu zonse.

"Bambo a Ulemu," anatero, "mukagwidwa nawo pa msewu, anthu sakufunsani za yunivesite. Adzati ndinu ofukula manda. Mukudziwa zomwe amawachita anthu otero."

"Ndiye ndisiye?"

Anapitiriza kutsuka mbale. "Mukasiya, mudzapitiriza kudzuka ndi nkhope imeneyo mpaka kufa. Ine ndatopa nayo." Analowa kuchipinda n'kubwera ndi chikwama chawo chachikulu chopitira kumsika.

Ndinabwerera ku ntchito, ndinatsitsa katoni, ndinaika mtolo wa chitenje m'chikwama. Pa shelefu pomwe panali katoni ndinasiya pepala lolemba bwinobwino kuti ndatenga mafupa a ku Golomoti kukawabweza kwa mwini munda monga tinalonjezera, n'kusayina dzina langa lonse. Wakuba sasiya pepala. Kunyumba amayi anu anathira mtedza pamwamba pa mtolowo.

Loweruka m'mawa ndinakwera minibasi. Kondakitala ankafuna kuponya chikwamacho kumbuyo pansi pa matumba a feteleza, koma ndinakana, n'kuchikumbatira pamiyendo ulendo wonse. Munthu wamkulu, zaka mazana angapo, sankalemera kuposa mwana wa miyezi itatu. Pa malo ochitira chipikisheni apolisi anatitsitsa tonse, aliyense ndi katundu wake. Wapolisi wina anatsegula chikwama changa, napisa dzanja kupyola mtedza uja mpaka kukhudza chitenje. Ndinaona nkhope yake ikusintha.

"Madala, zolimbazi n'chiyani?"

Anthu anali atandizungulira, ena atasuzumira. Ndinati, "Ndi mankhwala a amayi anga, bwana. Mizu. Ali gone ku Mua."

Anatulutsa dzanja msangamsanga n'kulipukutira pa buluku. "Tsekani, tsekani. Kwerani." Limeneli linali bodza langa lomaliza pa nkhaniyi, ndipo ili lokha sindilinong'onezera bondo.

Kuchoka pa msewu ndinakwera njinga ya kabaza mpaka kuchipatala. A Lazalo anandichingamira pakhomo la wodi ya amayi. A Nasibeko anali atatha, atangotsala maso ndi manja. Ndinagwada pambali pa bedi, ndinaika chikwama pafupi ndi dzanja lawo, n'kutsegula zipi pang'ono kuti odwala ena asaone. Anapisa dzanja. Atakhudza chitenje anatseka maso. Kenako zala zawo zinayamba kuyenda pamwamba pa nsaluyo, zala za woumba, zimene zimadziwa mng'alu wa mbiya osauona. Zinayenda uku, zinayenda uko, zinabwereranso. Kenako zinaima.

"Mutu?"

M'minibasi monse ndinali nditakonza zoti ndidzanene kuti mutu ndaukulunga padera. Zinandikanika. "Unapita kunja, amayi. Chaka chachitatu chomwe. Ndinaukulunga ndine."

"Zaka zonsezi umandiuza kuti ali bwino."

"Eya, amayi."

"Ndiye wandibweretsera munthu woti sangaone kuti wafika kwawo."

Anatulutsa dzanja m'chikwama n'kutembenukira kukhoma. Ndinakhala chigwadire. Ana anga, ndinabwera ulendo wonse uja ndikuganiza kuti andigwira pamutu n'kunena kuti wachita bwino mwana wa Nachisale. Sizinatero. Patapita nthawi analankhula, nkhope ili kukhoma komweko, koma osati kwa ine. "Lazalo, kam'gonekeni. Osati pa kachitunda paja, anthu amenewa adzabweranso. Ukudziwa pamene ndikunena."

M'mawa mwake tinakumba awiri, ine ndi a Lazalo. Mafupa ndinawayala ndekha limodzilimodzi monga ndinawapezera, chammbali, mawondo atapinda. Zimenezo zinali zisanachoke m'mutu mwanga. Pamalo pa mutu a Lazalo anaikapo mphika woumba amayi awo. Tinakwirira, tinasalaza, tinamwazapo zinyalala za m'munda. A Nasibeko anamwalira patatha sabata. Ku maliro ndinapita, koma ndinakhala kutali, pamodzi ndi anthu odutsa.

Ku ntchito anandiitanira pamaso pa komiti ya anthu asanu, a Pulofesa ali pakati. Pepala langa lija linali patebulo.

"Ukuvomera kuti unatenga katundu wa yunivesite popanda chilolezo?" anafunsa a Pulofesa.

"Ndinalemba ndekha, bwana."

"Tamvera, Alufeyo. Wagwira ntchito nthawi yaitali. Ukatisonyeze pomwe waika, tikatenge, nkhaniyi ithere m'chipinda muno."

"Ayi, bwana."

"Ukudziwa zomwe ukutaya?"

"Ndikudziwa, bwana."

Kalata inatuluka Lachinayi. Inali ya mizere isanu ndi umodzi, ndipo pa mzere wachitatu panali mawu akuti kuba. Ndinapereka makiyi kwa mlembi amene sankadziwa kuti ndi a chitseko chiti. Panalibe amene anandifunsa kuti makatoni opanda mapepala aja ndi a kuti, ngakhale kuti yankho lake linali m'mutu mwanga mokha. Ndinamva pambuyo pake kuti chipindacho anachisandutsa cha makompyuta, ndipo makatoni anawaunjika m'galaja. Tinabwerera kuno ku Mtakataka kudzayamba kulima ndili ndi imvi. Inu awiri mukukumbukira chaka chimene munakhala pakhomo anzanu ali kusukulu. Chifukwa chake n'chimenechi.

Chaka chatha ndi chino

Tsiku lina ndikutong'ola chimanga pakhonde ndinamva mawu odziwika pa wailesi. Anali a Pulofesa, nawonso atapuma tsopano. Ankadzudzula azungu mwamphamvu chifukwa chosunga mafupa a makolo athu m'makabati. Ankalankhula bwino, mawu ake ogwira mtima. Kenako anati ife kuno tinaonetsa kale chitsanzo, dipatimenti yathu inabweza mafupa kwa anthu a ku Golomoti zaka zapitazo. Ndinayang'ana wailesi ija nthawi yaitali. Sindinaiswe chifukwa anandigulira ndi Ulemu.

Patapita miyezi iwiri panaima galimoto pakhomo pano. Munatuluka mayi wachitsikana, dokotala wa za anthu akale wa ku yunivesite, ndi mzungu wamkazi. Anali aulemu, sindiwanamizira. Anakana mipando n'kukhala pamphasa. Dokotalayo anandiuza kuti a Chipewa anamwalira, ndipo pokonza makabati kumene ankagwira ntchito anapeza chigaza. Anandionetsa chithunzi pa foni. Pamwamba pa khutu panali nambala, ndipo zilembo zake zinali zanga. Ndinapempha madzi akumwa.

"Bambo, tikufuna tiubweretse kwawo," anatero dokotala uja. "Koma malamulo akufuna umboni wakuti mutuwu ndi wa mafupa omwe munakwirira. Mungotisonyeza malowo, titengepo kachidutswa kakang'ono tikapime. Ndipo dzina lanu lidzalembedwa pa zonse zimene tidzatulutse. Tikudziwa kuti munalakwiridwa."

"Mayi," ndinatero, "dzina langa linalembedwa kale pa pepala la yunivesite, pafupi ndi mawu akuti kuba. Yambani mwafufuta pamenepo. Umboni mukuufunawo ndi nambala imeneyo, ndipo amene anailemba ndi uyu mukumuonayu. Bweretsani mutuwo, muuike pakhonde pano, inu mukadikire kumsewu. Zotsalazo ndikachita ndekha."

Anati malamulo salola kupereka kwa munthu payekha. Ndinati ndiye malamulowo akakusonyezeni malo. Anatsanzika mwaulemu. Dokotalayo waimbapo foni kawiri, akuti mapepala akuyenda. Sindimuda, mwina akunenadi zoona, koma mapepala a kumeneko ndimawadziwa mayendedwe ake.

A Lazalo anamwalira dzinja lathali. Tsopano wodziwa malo aja ndatsala ndekha, ndipo sindiwalemba muno, chifukwa pepala limayenda m'manja ambiri. Ulemu, ukabwera pa Khirisimasi ubwere ndi nsapato zoyendera m'matope. Ndikufuna tidzakwere minibasi ya ku Golomoti awiriwiri, kuti mutu uja ukadzafika ine nditapita, padzakhale munthu wokaufikitsa. Abale ako asakhumudwe, sindikukupatsa mphatso. Adzabwera anthu aulemu, a mawu okoma, ena mwina adzakuopseza, ndipo udzayenera kuwakana onse mpaka ataika mutuwo m'manja mwako. Uganize bwino, ufunsenso amuna ako. Ukhoza kukana, sindidzakuimba mlandu. Ukakana, malowo ndidzapita nawo ndekha, ndipo mayi uja adzagona choncho, wopanda mutu, koma popanda wom'dzutsanso.